Masitepe Amene Sanaoneke pa Mapu

Senderani pafupi, abale anga, mumve zimene zinamuonekera mnansi wathu. Sindikuthirako mchere ayi. Mkazi wake ndi amene anandiuza, tikuyanika zovala kuseri.

Panali munthu wina dzina lake Sjoerd, wa kwathu konkuno ku Sneek, m'dziko la Holland. Munthu wamtima wabwino, kungoti sankauzidwa. Bambo ake, a Wiebe, anali ndi zaka 81, mawondo atatha, akuyendera ndodo. Mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho.

Tsiku lina madalawo anati, "Mwana wanga, ndisanatseke maso ndikufuna ndikaonenso mzinda wa Lisbon, ku Portugal. Titangokwatirana ndinapita nawo kumeneko amako. M'mbali mwa mtsinje muli benchi lamwala pomwe tinkakhala tikudya nsomba zootcha. Ndikangokhalapo kamodzi, basi."

"Zazing'ono zimenezo, Ababa," anatero Sjoerd. "Sukulu zikatsekera mu Julaye tipita tonse, ndi ana omwe."

Anafufuza pa foni n'kupeza kahotela kokongola: chipinda chachikulu cha banja, maluwa pazenera, chakudya cham'mawa chilipo. Anaitana mkazi wake.

"Tjitske, taona! Mamita 300 okha kukafika kumtsinje. Ngati kuchoka pano kupita kogula buledi. Ababa amayendako tsiku lililonse."

"Wawaimbira eni akewo?"

"Ndiimbirenji? Zithunzi si izi?"

"Zithunzi zikuonetsa maluwa, sizikuonetsa njira. Afunse ngati galimoto imafika pakhomo. Uwauze kuti tili ndi munthu wandodo."

"Iwe, dziko lonse lino ndalizungulira pa njinga ndi mapu okha. Ndinasocherapo ine?"

"Dziko lonse lino ndi lathyathyathya ngati thebulo, bwana mapu."

Sjoerd anangoseka, n'kusungitsa malowo.

Musamuseke kwambiri. Ife kuno kulibe mapiri, phiri lathu ndi mlatho. Tikamva mamita 300, m'maso mwathu mumabwera njira yosalala, ng'ombe uku ndi uku.

Anafika ku Lisbon dzuwa likuswa mtengo. Woyendetsa takisi anaima pakamwa pa kanjira kopanikiza, n'kuloza m'mwamba.

"Ine ndathera pano. Hotela yanu ndi iyo, ya zenera lobiriwirayo."

Anakweza maso. Masitepe, masitepe, akhote, masitepe enanso. Ana atathamanga kukawerenga anabwera ndi yankho: 164.

Tjitske anaimbira mahotela anayi ali chiimire pamsewu. Monse modzaza, paja inali nyengo ya tchuthi.

"Musandiyang'ane ngati katundu," anatero a Wiebe. "Tiyeni."

Anakwera pafupifupi ola lathunthu, akupumira masitepe khumi aliwonse, malaya ali chonyowa. Kutacha, bondo la madalawo linali litatupa ngati dzungu. Dokotala atabwera analamula kuti masiku asanu asaponde pansi. Ulendo wonsewo unali wa masiku asanu ndi limodzi.

Mwini hotelayo, Dona Filomena, anagwira kumutu.

"Mwana wanga, bwanji simunaimbe? Mayi anga ondibereka sindiwakweza kuno! Msuweni wanga ali ndi hotela kumunsi, ya chikepe chokwezera anthu m'mwamba, khomo lake lili pamsewu penipeni. Mukanaimba miyezi ija, bwenzi nditakutumizani komweko."



Masiku asanu madala aja anakhala pampando, pazenera. Mtsinje unkaoneka kumunsi, waung'ono, pakati pa madenga. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo n'zimene zinkamupweteka kwambiri Sjoerd. Tjitske ankatuluka ndi ana, mwamuna wake osachoka m'chipindamo. Mkaziyo naye anamumvera chisoni. Mawu oti "ndinakuuza" anawameza.

Tsiku lobwerera, takisi yopita kubwalo la ndege inali yoti iwapeze kumtsinje. Sjoerd anagwada patsogolo pa bambo ake, atawapatsa msana.

"Kwerani, Ababa."

"Ukufuna tigubuduzike tonse awiri?"

"Kwerani, ndatero."

Anawabereka. Tjitske ananyamula ndodo, ana zikwama. Azimayi a m'njiramo anatuluka m'makomo, ena akuomba m'manja, ena akukuwa kuti pang'onopang'ono. Atafika pakati, Sjoerd ali wefuwefu, madala aja anamunong'oneza kukhutu:

"Bwana mapu, tili pa mita yachingati?"

"Khalani chete, Ababa. Mukamalankhula mukulemera."

Anafika. Benchi lija linalipo ndithu. A Wiebe anakhala, anavula chipewa, n'kuika dzanja pamalo opanda munthu pambali pawo. Patangotha mphindi khumi, takisi inaliza hutala.

Misozi inamutsika Sjoerd. "Ndinakulonjezani masiku asanu ndi limodzi, Ababa. Ndakupatsani mphindi khumi."

Madalawo anavala chipewa chawo.

"Amako ankati ndimachedwa kulikonse. Lero aona okha kuti ndachedwa, koma ndafika."

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho a Wiebe anatisiya. Mpaka lero Sjoerd akamva kuti wina akukonza ulendo, ngakhale munthu wosamudziwa, amayamba ndi funso limodzi: "Mwawaimbira?"

Phunziro: Posankha pogona pa ulendo wa banja, musasankhire miyendo yanu, sankhirani miyendo ya wofooka kuposa nonse. Mapu ndi zithunzi sizinena zonse. Imbani foni, funsani za masitepe, za chikepe, ndiponso ngati galimoto imafika pakhomo. Ndipo wa m'nyumba mwanu akakuchenjezani, mverani, chifukwa maulendo ena sabwerezedwa. Ngati muli ndi mnzanu amene akuganiza zoyenda ndi makolo ake chaka chino, chonde mupatsireniko kankhani aka asanasungitse malo.