Akazi Opanda Mitu

Kunatsala mphindi makumi awiri kuti chitseko cha chionetsero chitsegulidwe. A Chidindo anafika pa chithunzi chachisanu, n'kulavulira m'kansalu kawo ka m'thumba.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo kuntchito, kosindikiza mapepala otsatsa malonda. Zaka makumi atatu, palibe pepala limene linapita kumakina iwo asanalidinde kuseri. Chidindo chawo chinkapendekera kumanzere, ndipo ankanyada nacho. Lero anavala jekete kudzaona chionetsero choyamba cha mwana wawo wamkazi, katswiri wa zithunzi. Ankayembekezera maluwa. Kapena mapiri.

Koma khoma lonse linali nyama yokhayokha. Ntchafu za akazi zonyezimira mafuta. Chiuno chopindika ngati chathyoka. Chifuwa chodzaza pepala lonse. Mutu ayi, ngakhale umodzi. Aliyense anadulidwa pakhosi mosamala, ngati nkhuku za m'sitolo. Apa ndi apo panali zigamba za penti yoyera.

Panja anthu anali atayamba kufola, ena a kutchalitchi kwawo. Amayi a kwaya awiri ankasuzumira kale pagalasi. Ndipo pachitsekopo, m'zilembo zikuluzikulu, panali dzina la banja.

"Iwe!" anaitana mwana wawo, amene anali pamakwerero kuwongola nyale. "Sukulu yonse ija, mapeto ake n'kutsegula butchala? Ana a eni ake awa. Ali ndi amayi awo. Anakulakwira chiyani kuti uwadule mitu?"

"Zakunyansani, ababa?"

"Ndikufuna kusanza. Munthu wochita zotere mutu wake sukuyenda. Fufuta dzina langa pachitseko paja anthu asanalowe. Apo ayi, usadzapondenso pakhomo panga."

Mwanayo anatsika pang'onopang'ono. Sanakwiye. Anapukuta manja pa epuloni, n'kuchotsa pakhoma chithunzi cha ntchafu chija. Anachiika m'manja mwa bambo ake. Iwo anachigwira ndi nsonga za zala, ngati thewera.

"Ine sindinadule kanthu," iye anatero. "Awa ndi mapepala otsatsa malonda. Ndangopaka penti pamene panali matayala, mowa ndi sopo. Tembenuzani."

Anatembenuza.

Chidindo chabuluu, chopendekera kumanzere. Pansi pake siginecha yawo, ndi mawu a dzanja lawo lomwe: "Dulani mutu, ukudya malo."