Loko Wofiira wa Pamgolo

Panali munthu wina, kapitawo pa fakitale youmba mabuloko a simenti, ndipo amene anandiuza nkhaniyi ankagwira naye ntchito. Ulesi analibe, pamenepo tisamunamizire. Ankafika geti lisanatsegulidwe, n'kuweruka anzake atasamba kale. Chilema chake chinali m'makutu. Ukayamba kumuuza chinthu, usanafike n'pakati pomwe, iye "Ndamva, ndamva!" uku akuyenda. Anzake anamupatsa dzina loti Ndamvakale, mwiniwake n'kumakondwa, kuyesa akumutama nzeru.

Pafakitalepo panali chimgolo chosakanizira simenti, chokwezedwa pansanja, mkati mwake muli zitsulo zozungulira. Simenti ikaumiramo, makaniko ankalowa ndi nyundo kukagumula. Lamulo linali limodzi: wolowayo azimitse magetsi, akhome bokosi la switchi ndi loko wofiira, kiyi aike m'thumba mwake. Loko wofiira akakhalapo ndiye kuti mumgolo muli munthu.

Achimwene ake a Ndamvakale ankagwiranso pompo, ntchito yopakira mabuloko m'malole. Anali munthu wofatsa, wolankhula mokoka, ndipo ndiwo anamulera makolo atamwalira. Nawonso Ndamvakale ankawadula mawu pakamwa.

Lachinayi lina m'mawa Ndamvakale akumanga nsapato, mkazi wake anati, "Bambo a ana, alamu anaimba foni muli kubafa. Akuti lero ntchito yawo..."

"Ndamva, ndikaonana nawo konko."

"Mwamva chiyani inu? Makutu amenewa tsiku lina adzakulizani."

Iye anangoseka n'kutuluka.

Tsikulo mtima wake unali m'mwamba. Panali oda yaikulu ya mabuloko, ndipo abwana anali atamulonjeza kuti ikatuluka pa nthawi yake amukweza udindo. Anapeza geti litatsegulidwa kale, ndipo atangolowa, mayi woyang'anira stolo anamuthamangira.

"Akapitawo, amakaniko adwala, sabwera lero. Ndiye za mgolo zija tagwirizana kuti..."

"Ndamva! Makaniko kulibe, basi."

Anamusiya mayiyo kukamwa kuli yasa. Akanaima pang'ono chabe, akanamva kuti amene avomera kulowa mumgolo m'malo mwa makaniko ndi achimwene ake, ndipo alowa kale.

Panja malole atatu anali akulira, madalaivala akuliza mahutala. Kugogoda kwa mumgolo sikunkamveka. Ndamvakale anafika pabokosi la switchi n'kupeza loko wofiira ali lende. Pambali panaima mdala woyendetsa makina, manja ali kumbuyo.

"Bwanji makina ali zii?"

"Loko uyo, bwana. Ndangofika kumene, sindikudziwa amene wakhoma. Tiyambe tasuzumira, kapena tikafunse kustolo, chifukwa..."

"Ndamva. Makaniko anaiwala kuchotsa dzulo. Munthu ali chigonere kwawo, ife tiziopa loko wake?"

"Loko wofiira sathyola, bwana. Zaka zonse ndagwira pano sindinaonepo."

"Lero muona. Patseni nyundo."

"Ine dzanja langa ayi."

Makwerero opita pakamwa pa mgolo anali pomwepo, masitepe khumi ndi awiri. Ndamvakale anawayang'ana, kenako anayang'ana wotchi. Kunena zoona, anaganizako zokwera. Koma hutala inaliranso, ndipo anaona kuti kukwera pamenepo n'kudzichotsa ulemu pamaso pa mdalayo. Anatola yekha nyundo. Anamenya kamodzi, kawiri, kachitatu loko anagwa pansi. Anakweza switchi.

Mgolo unazungulira kamodzi n'kutsamwa. Munatuluka mawu amene sanali a chitsulo. Mdala uja analumpha n'kutsitsa switchi, ndipo anthu onse anaima pomwe anali.

Mayi wa kustolo anatulukira akuthamanga, manja ali kumutu. "Mayo ine! Achimwene anu ali momwemo! Ndimati ndikuuzeni, akapitawo, ndimati ndikuuzeni!"

Apa ndiye Ndamvakale anakwera makwerero aja. Sizinamutengere ngakhale mphindi imodzi.

Achimwenewo anatsirizikira m'njira, galimoto isanafike kuchipatala. Namwino anamupatsa Ndamvakale zimene anazipeza m'thumba la ovolosi: foni yosweka ndi kiyi wa loko wofiira. Malemuwo anali atachita zonse monga lamulo linanenera.

Pamaliro mlamu wake, mkazi wa malemu, sanamutukwane. Bola akanatukwana. Anangomuitanira pambali n'kunena motsitsa mawu, "Alamu, kustolo anawaimbira m'mamawa kuwapempha. Ine ndinawaletsa, ndinati si ntchito yanu imeneyo. Iwo anati, 'Mng'ono wanga akufuna kukwezedwa, malole ake asachedwe.' N'chifukwa chake analawira. Anaimba kwanu kuti akuuzeni musayatse mpaka atuluke."

Ndamvakale anamvetsera mpaka mawu omaliza. Akuti kanali koyamba.

Ntchito yake inatha, mlandu unapita kukhoti, koma amene amamudziwa amati chilango chenicheni ndi kiyi uja, amene amayenda naye m'thumba mpaka lero. Dzina lija palibenso amene amamuitana nalo. Ukamamulankhula amangokuyang'ana pakamwa, ndipo ukatsiriza amafunsa mwamantha, "Mwamaliza? Palibe chatsala?"

Phunziro: Khama lopanda makutu ndi ngozi. Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nthawi zina nkhwangwayo imagwera m'mutu mwa munthu amene umamukonda. Kuntchito kapena pakhomo, mulekeni mnzanu amalize kulankhula, chifukwa mawu opulumutsa moyo kawirikawiri amakhala kumapeto. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka uja amene amayankha "ndamva" musanamalize.