Mayi wa Pageti

"Ndani wakunamizani kuti muchotse chuma cha malemu m'manja mwanga?" anakalipa Levi Kamwendo asanakhale n'komwe pampando.

Analowa m'nyumba ya malemuyo ku Biwi atafufuma ndi ukali, mayi amene anamutsegulira geti osamupatsa ndi moni womwe. Kwa zaka zoposa makumi awiri, Levi ndiye ankalangiza malemu Che Mwamadi, mwini mashopu a zipangizo zomangira ku Mchesi, koika ndalama zawo kuti ziswane. Paukwati ndi pamaliro pa banjali sankasowa. Lero wangomva kuti mkazi wa malemuyo wapeza mlangizi wina.

"Mayi, amuna anu ndinawapeza akugulitsa misomali pabenchi," anatero akuloza mayi wa mpango wonyezimira amene anakhala pasofa. "Mapuloti, masheya, zonsezi ndi mutu wangawu. Ine ndine wa m'nyumba muno!"

Mayiyo anamuyang'ana modabwa. "Ine ndine mlongo wawo wa malemu. Ndabwera dzulo kuchokera ku Mangochi."

"Nanga akazi awo ali kuti?"

"Ndili pano, bambo," anayankha mayi wa pageti uja, ataima pakhomo, makiyi ali m'manja. "Zaka zonsezi, tiyi amene munkamwa muno ndinkakupatsani ndine. Amuna anga akakuuzani kuti akaganize kaye, ankabwera kukhitchini kudzandifunsa."



"Tiyeni ndikakutsegulireninso geti," anawonjezera mkazi wa malemuyo. "Mwina ulendo uno mundiyang'ana."