Chiwindi Chachitsanzo

Anandigoneka pabedi kukiliniki ina ku Chitawira, malaya nditavula, pamimba atandipaka mafuta ozizira. Mkazi wanga Kristina anakhala pampando, kolona m'manja, ngati wayamba kale kukhuza.

Kachasu ndinamwa zaka makumi anayi, Zingwangwa yonse ikudziwa. Kristina, chichokereni kwawo kumadambo a ku Nsanje, sanalawepo ngakhale dontho. Nyimbo za pamaliro anga anali atasankhiratu kukwaya, zitatu.

Namwino wa makina ounikira m'mimba, Hafsah, ankayendetsa kachipangizo pansi pa nthiti zanga.

"Agogo, makinawa amaponya mawu m'thupi, mawuwo n'kubwerera, ngati mukakuwa m'phiri la Soche. Chiwindi chofewa chimayankha mwina, cholimba mwina. Kompyuta imawerengera mayankhowo n'kufananiza ndi a anthu ambirimbiri."

"Cha awa chiyankha chikudzandira," anatero Kristina.

Hafsah anaseka. Kenako anati pakafukufuku amene akuchita pakilinikipo akusowanso ziwindi zabwino, za anthu osamwa, zoti kompyuta iziphunzirirapo. "Mayi, simungatithandize? Mphindi zisanu basi."

Kristina sanadikire kumupempha kawiri. "Jambulani, mwanawe. Aone amuna angawa, a Laurenti, mmene chiwindi cha munthu wopemphera chimakhalira."

Anamasula chitenje chake. Masiku amenewo chinkamuthina pamimba, iye n'kumati ndi zotsala za ana athu asanu ndi awiri.

Ine ndinakhala pampando wake, nditamugwirira kolona. Hafsah anayendetsa kachipangizo kaja. Anabwereza. Anabwerezanso. Ndiye anatenga mapepala awiri, langa ndi lake, n'kutuluka.

"Mwaona?" Kristina anandinong'oneza. "Akukapangana mmene akuuzireni. Mulimbe mtima, bambo. Ndikusamalani, ngakhale simunkamva."

Adokotala analowa nkhope ili yolemera. Ndinaimirira, manja kumbuyo, kudikira chilango changa. Anandipitirira ngati chitseko.

"Mayi, muli mwana munkasamba m'madambo?"

Chiwindi changa, akuti, chinayankha bwinobwino. Cha Kristina likodzo la paubwana linali litachiumitsa kalekale, mwakachetechete.

Nyimbo zitatu zija kwaya inaimbadi, chisanathe chaka. Ine ndinali pabenchi lakutsogolo, kolona wake m'manja.