Magazi a Kachitsa

Anakhala pabenchi imodzi kuchipatala, koma pakati pawo pakanadutsa ngolo. Uku azakhali, chikwama pamiyendo, nkhope ngati aluma ndimu. Uko mlamu wawo, mkazi wa malemu mchimwene wawo, nsapato zodyeka chidendene. Pakatipo ndiye mwana amene ankalimbiranayo, Kachitsa, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, koma kumuona ungati zisanu ndi ziwiri. Timiyendo take sitinkafika n'komwe pansi.

Mwanayo azakhali anamutenga zaka ziwiri zapitazo, maliro atangotha, pamodzi ndi mipando, firiji ndi makina osokera. Ankati zonsezo ndi thukuta la mchimwene wawo, mwanayonso ndi magazi awo. Ang'onoang'ono awiri anamusiyira mayi, poti ngoliralira.

Koma mwana osakula. Mazira, nyama, buledi, azakhali ankaunjika m'mbale mpaka kutayikira, diresi lomwe lija osathina. Ndiye anadziwa pamene pagona nkhani. Kwawo kwa mlamuyo onse ndi zitsa zokhazokha, bambo a mlamuyo pampando ankachita kudumphira. Nkhaniyi azakhali anauza aliyense, ngakhale wogulitsa makala.

Tsiku lotenga magazi a mwanayo, adokotala anali atawauza azakhali kuti m'magazi a munthu muli kanthu kamene kamakulitsa thupi, kochepetsetsa, koma makina awo amakapeza ngakhale katachepa ngati kamchere kamodzi mumgolo wa madzi. Azakhali anasangalala. Anatumiza mawu kuti mlamu abwere adzadzimvere yekha, ndipo makinawo akangoloza kwawo, mwanayu asadzamuonenso ngakhale pawindo.

Anawaitana kulowa. Adokotala anali kamayi koonda ka magalasi, kosadziwa kuseka. Anayang'ana pepala, anayang'ana mwana, anayang'ananso pepala, kenako anati kanthu kaja katsika kwambiri.

"Mwamvatu, alamu? Makina alibe m'bale," anatero azakhali, uku akukonza mpango.

"Dikirani kaye, mayi."

Adokotala anafotokoza kuti magaziwo anawayeza kawiri, anayezanso zina zonse, ndipo m'thupi mwa mwanayo mulibe choonongeka. Za mtundu wa anthu aafupi aziiwale. Thupi likakhala ndi njala miyezi yambirimbiri limasiya kupanga kanthuko, basi. Anawonjeza kuti zaka zokulira zikutha, ndipo zimene zatayikazo sizingabwerere zonse.

Ee, azakhali kudzuka, mpando kugwa. Njala? Kunyumba kwawo, kumene ngakhale galu amasankha fupa? Anati makinawo ndi abodza, magaziwo asinthana ndi a mwana wa eni, ndipo adokotalawo sukulu yawo anaphunzira pansi pa mtengo. Anawerenga pa zala zonse zimene mwanayo amalandira, m'mawa, masana, madzulo, zala mpaka kutha. Anthu anayamba kusuzumira pakhomo. Azakhali anaona maso awo, anadziwa kuti mlandu wawagwera iwo.

Adokotala anakoka mpando, anakhala pafupi ndi mwana.

"Iwe, zimene amakupatsazo umadya?"

Kachitsa anayang'ana pansi.

"Ndimakasiya kwa amayi ndi ana popita kusukulu. Ndimawauza kuti atumiza ndi azakhali."

Mlamu anagwira pakamwa. Zaka ziwiri zathunthu anali akudya msinkhu wa mwana wake, n'kumathokoza.