Basela Alibe Inshuwalansi

Chikhazikitsireni lamulo loti chilichonse chochoka pa benchi mumsika muno chikhale ndi inshuwalansi ya khonsolo, kupereka basela ndi mlandu. Akuti tomato wogula akamutsegula munthu m'mimba, kampani ya inshuwalansiyo imalipira, koma waulere alibe mwini. Ukangoika ka pamwamba, kabokosi kamene anatimangirira pa benchi kamalira. Ine a khonsolo anandichenjeza kale kuti kakadzaliranso andilanda malo.

Tsiku lina anabwera a Nasimango, amene akhala akugula kwa ine chikwatiwireni.

"Ikaniponi ka pamwamba, amayi."

"Mukufuna andithamangitse pano?"

"Basi ndizikagula kwina. Kuumira kwabwera ndi ukalamba eti?"

Ine woumira? Ndinatola tomato wamkulu n'kumugwetsa pansi. Kabokosi kanangoti zii, paja chogwa pansi kamachiyesa chinyalala.

"Tandichotsereni chinyalalacho," ndinatero. Anamupukuta ndi chitenje n'kumapita.

Kuyambira pamenepo ndimagwetsera aliyense. Lero kwabwera bambo wa kukhonsolo, akuti katundu akundipulumuka pafupipafupi, choncho ndiwonjezere inshuwalansi ya manja onjenjemera. Takangana kwambiri. Pomaliza wagula mulu umodzi, koma osachoka. Wangoima pomwepo, maso ali pansi.