Timatumba Tosokedwa Pakamwa

Mphunzitsiyo anaima pakhomo la kachipinda kogwiriramo ntchito ka bambo ake, tiyi akuzizira m'kapu. Mkuluyo anali atawerama patebulo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akusoka kathumba kachikopa. Zimenezo zinali zamasiku onse. Chachilendo chinali chakuti ankasoka pakamwa pa kathumbako, mpeni uli m'kati.

Bambo amenewa moyo wawo wonse unathera pa mipeni yopinda. Anzawo ankaweta nkhunda, iwo ankaweta mipeni. Uliwonse ankausokera kathumba kakekake: ankanyowetsa chikopa, n'kuchikulunga pampeniwo, n'kumachisisita ndi chala chachikulu mpaka chitatsatira thupi la mpeniwo. Kenako batani, kenako timaluwa todinda ndi msomali. Ankadzitama kuti m'kathumba kawo mpeni umatuluka ndi zala ziwiri, munthu osayang'anako. Malemu mayi a mphunzitsiyo ankaseka kuti iwo anakwatiwa pamitala, akazi anzawo ali ndandanda pashelefu.

Ndiye lero munthu yemweyo azitseka timatumba take ngati matumba a makala?

Mphunzitsiyo anabwerera kwa bambo ake ataika mkazi wake m'manda. Nyumba yawo ija inamukulira, kusukulu anamuuza kuti akayambe wapuma. Chakudya chinkamukanika, tulo osabwera. Chimene chinamutsalira padziko chinali nkhalamba imeneyi ndi fungo la chikopa.

Koma nkhalambayo inali itayamba kusokonekera. Mpeni wakukhitchini unasowa. Sizasi inasowa. Lezala lake lometera linasowanso. Akafunsa, yankho linali lomwelomwelo: “Kaya, mwina ndinabwereketsa.” Akalowa m'bafa, posakhalitsa gogogo pachitseko: “Sopo alimo?” Ayankhe kuti alimo, pakapita kanthawi gogogo kachiwiri, funso lomwelo. Akatuluka panja, ankangomva masilipasi khwekhwerere kumbuyo kwake.

Anaimbira foni mlongo wake wamkulu.

“Apongozi anga anayamba choncho,” anatero mlongoyo. “Kubisa zinthu, kufunsa chimodzimodzi. Pita nawo kuchipatala, achimwene, asanayambe kusochera mumsewu.”

Mawuwo anamulasa mtima. Mkazi wapita, tsopano bambo nawonso akumusiya, chonsecho akupuma ndipo akudya naye tebulo limodzi. Analira yekha kuseri kwa nyumba, kenako anapukuta nkhope n'kukawapangira tiyi uja.

Analowa m'kachipindamo n'kuika kapu patebulo. Pashelefu, timatumba tonse tinali titasokedwa kale, kamene kanali m'manja mwawo kanali komaliza. Anatola kamodzi. Ulusi wopaka phula, mizere iwiri, mfundo yobisika m'kati. Manja anali akadali aluso, mutu wokha ndiwo unawathawa.

“Bambo, lero n'lachingati?”

“Lachinayi, aphunzitsi. Mayeso ayambika?” anayankha osadzutsa mutu.

“Nanga mpeni uwu munautenga kuti?”

“Anandipatsa amalume ako, chaka chimene unathyoka mwendo. Funso lina?”

Mphunzitsiyo sanaseke. Mlongo wake anali atamuchenjeza kuti zakale amakumbukira bwinobwino, zimene zimatayika ndi zadzulo. Anagwada pambali pa mpando wawo n'kugwira dzanja limene linali ndi singano.

“Bambo, simuli bwino. Taonani zimene mukuchitazi. Mpeni uwu utuluka bwanji?”

“Sutuluka.”

“Ndiye ntchito yake n'chiyani? Zaka zonsezi mwavutikira zimenezi, lero mukuziwononga nokha. Ndatsala ndi inu nokha. Chonde, mawa tipite kuchipatala.”

Mkuluyo anamanga mfundo yomaliza, n'kudula ulusi ndi mano. Anavula magalasi pang'onopang'ono. Maso awo anali ofiira, koma anali maso a munthu amene akudziwa bwino pamene ali.

“Kuchipatala tipitadi, mwana wanga. Ndimasowa poyambira kukuuza.”

Anapumira m'mwamba, dzanja lawo likufinya la mwana wawo mpaka kuwawa.

“Sabata yoyamba ija, unalowa muno ukuganiza kuti ndapita kumsika. Ndinali pawindo. Unatsegula mpeni wa chigwiriro chakuda, ndipo sunkayang'ana mpeniwo, unkayang'ana mkono wako. Mpongozi wanga ndamuika m'manda ndi manja awa. Iwe sindikuika.”